Miyezi 14 chichotsereni ma sprinkler n'kuika dripi pabwalo langa

Papita miyezi 14 chiyambireni kuthirira maluwa ndi mitengo ya pakhomo panga modontheza, njira imene ambiri amangoti dripi. Ndadutsa nayo chilimwe chonse, mvula yagwa n'kutha, ndipo pano kwayambanso kutentha. Sindikubwereranso ku ma sprinkler, timipopi towaza madzi m'mwamba, koma pali zinthu zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanagule paipi ngakhale imodzi.

Chinkandipweteka mtima kale chinali cha m'mawa uliwonse. Ma sprinkler akayamba kuwaza, madzi ankayenderera pasimenti mpaka kugeti, khoma la nyumba linkanyowa mpaka linachita ndere, koma maluwa a pakona ankafota ndithu. Kukangochita kamphepo, madzi ankauluzikira kwina. Odziwa za ulimi wothirira amati dripi yoikidwa bwino imafikitsa ku mizu pafupifupi malita 9 pa malita 10 alionse, pomwe ma sprinkler a pakhomo nthawi zambiri amafikitsa 5 mpaka 7, otsalawo amathera mumphepo, padzuwa ndi pamalo osafunika. Nzeru yake si yalero ayi. Inakula m'chipululu cha Negev ku Israel, kumene injiniya Simcha Blass anapanga kachipangizo kochepetsa liwiro la madzi kuti azituluka dontho limodzilimodzi, ndipo mu 1965 iye ndi anthu a ku Kibbutz Hatzerim, mudzi wa alimi ogwirira ntchito limodzi, anayambitsa Netafim, kampani yopanga zipangizo za dripi.

Kusintha kwenikweniko sikunavute. Mapaipi akale a pansi pa nthaka sindinawafukule. Pa mzere uliwonse ndinatseka mitu yonse ya ma sprinkler n'kusiya umodzi, pamenepo n'kumangapo sefa ndi kachipangizo kochepetsa mphamvu ya madzi, kenako paipi yakuda ya mamilimita 16 yozungulira m'mabedi. Kochepetsa mphamvuko musakanyalanyaze. Ma sprinkler amafuna madzi amphamvu, ma bar 2 kapena 3 (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi), pomwe dripi imayenda bwino pa bar imodzi mpaka ziwiri. Mphamvu ikachuluka, zolumikizira zimafwamphuka usiku inu muli mtulo.

Cholakwa changa choyamba chinali cha nthawi. Timer, kachipangizo kotsegula ndi kutseka madzi pa nthawi yake, ndinaisiya mmene inalili kale, mphindi 10 tsiku lililonse. Patatha masabata awiri zitsamba zinayamba kuweramitsa masamba masana, ndipo ndinkaganiza kuti ndagula zinthu zachabechabe. Nditakhala pansi n'kuwerengera, ndinaona kuti vuto ndi ine. Todonthezera tanga, tizipangizo ta papaipi totulutsa madontho, timatulutsa malita 2 pa ola kalikonse. Pa mphindi 10 ndiye kuti chitsamba chachikulu chinkalandira gawo limodzi mwa magawo atatu a lita, madzi ongoposa pang'ono kapu imodzi. Dripi imafuna kuthirira nthawi yaitali koma patalipatali. Pano kukatentha ndimathirira ola limodzi ndi theka, kawiri kapena katatu pa sabata, m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Ngakhale zili choncho, bedi la todonthezera 60 limangodya malita 120 pa ola. Mita ya madzi inayamba kuyenda pang'onopang'ono mwezi woyamba womwewo, ndipo bilu inatsika mooneka.

Koma chachikulu chimene ndaphunzira n'chakuti dripi imabisa zolakwa zake. Sprinkler ikathyoka, madzi amathovoka m'mwamba, ngakhale mwana amabwera kudzakuuzani. Kadonthezera kakatsekeka kamangokhala chete. Pamwamba pa dothi pamaoneka pouma kaya zinthu zili bwino kaya zaonongeka, ndiye maso okha sakuthandizani.

Mwezi wachisanu ndinatsala pang'ono kutaya kamtengo kamene ndinkakakonda kwambiri. Masamba anayamba chikasu, kenako kuyoyoka. Ndinathira feteleza, ndinafunafuna tizilombo kunsi kwa masamba, osapeza kanthu. Tsiku lina ndinagwada n'kukanda dothi ndi zala pafupi ndi tsinde: fumbi lokhalokha mpaka pansi. Nditazula kadonthezerako ndinapeza kabowo kake katamatidwa ndi zoyerayera zolimba ngati laimu, zochokera m'madzi momwemo. Kena ka pafupi kanali kodzaza nyerere zimene zinalowa kufuna chinyezi. Mtengowo unakhala milungu ingapo osamwa, ine n'kumadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku, mtima uli m'malo poti timer ikugwira ntchito. Unachira, koma nthambi ziwiri zinauma. Kuyambira pamenepo mtengo uliwonse uli ndi todonthezera tosachepera tiwiri, kuti kena kakatsekeka kena kazithirirabe.

Zovuta zina ndi zazing'ono. Paipi yobisika pansi pa zophimbira nthaka ndinaidula ndi khasu kawiri konse, ndipo ulendo wina ndinazindikira patatha masiku nditaona chithaphwi pamalo pomwe sipayenera kukhala madzi. Chilimwe chitafika pachimake makoswe anatafuna timapaipi ting'onoting'ono ta mamilimita 4. Kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa: kudula pobookapo n'kulumikiza. Ndimasunga zolumikizira ndi totsekera mabowo m'kachitini pafupi ndi mpopi.

Dothi nalo lili ndi mawu ake pa nkhaniyi, ndipo izi ndinazidziwa pokumba. Mbali ina ya bwalo langa ndi yamchenga, ina ndi yamakande. Mutathirira ola limodzi n'kukumba pamchenga, mupeza chinyezi chalowa pansi mowongoka, chopapatiza, moti mbewu yotalikira pang'ono sichiifikira. Pamakande madzi amafalikira m'mbali ndipo amachedwa kuuma. Pamchenga ndinachita kuyandikizitsa todonthezera pa masentimita 30, pamakande pa 45 kapena kuposerapo, ndipo mbali ziwirizi sizithiriridwa nthawi yofanana. Wina akakuuzani kuti thirirani mphindi zakutizakuti asanaone dothi lanu, mverani koma mukakumbe nokha.

Nanga kapinga? Apa ndinene mosabisa, chifukwa ambiri amaganiza kuti dripi ilowa m'malo mwa sprinkler paliponse. Mapaipi oyala pamwamba sagwirizana ndi kapinga: makina otchetchera amawadula, ndipo udzu umabiriwira m'mizeremizere, pakati pake n'kumauma. Ilipo dripi yokwirira pansi pa kapinga, koma imafuna kufukula bwalo lonse, mizu imatha kulowa m'mabowo, ndipo ikatsekeka simudziwa pokumba. Ine ndinasankha kuchepetsa kapingayo. Ndinasiya kachigawo koti ana azisewerapo, ndipo kameneko kali ndi ma sprinkler ake pa valavu yakeyake, ndiye kuti potsegulira madzi pakepake. Musaike dripi ndi sprinkler pa valavu imodzi, chifukwa china chimafuna mphindi, china chimafuna maola. Ndikaunguza bwinobwino, madzi ambiri amene ndapulumutsa achokera pa kuchepetsa kapingako limodzi ndi kuphimbira nthaka, dripi n'kudzathandizira.

Zabwino zimene sindinkayembekezera ziliponso. Udzu wosafunika wachepa kwambiri, poti pakati pa mbewu pamakhala pouma. Marozi anga ankavutika ndi madontho akuda pamasamba, matenda amene amafala masamba akamanyowa, ndipo chilimwe chapitachi anali ochepa kwambiri. Khoma lija linauma, ndere n'kutha. Ndimathanso kupalira kapena kudulira maluwa madzi akuyenda, osanyowa.

Chinthu china chimabwera mochedwa. Mitengo imakula, koma todonthezera timakhala pomwe munatisiya. Mizu yomwa madzi imakhala cha kumapeto kwa mthunzi wa nthambi, osati patsinde, ndiponso tsinde likamanyowa nthawi zonse limatha kuola. Mwezi watha ndinasuntha todonthezera tonse ta m'mitengo kupita kunja ndi kuonjezera tina. Kumapeto kwa chilimwe ndinaonanso mkombero woyera pamwamba pa dothi, mozungulira ponyowa. Umenewo ndi mchere wa m'madzi umene umakankhidwira m'mphepete. Mvula yamphamvu itagwa unatsukika. Kumene mvula ndi yochepa, pamafunika kuthirira kwambiri mwa apo ndi apo kuti mcherewo ulowe pansi kupitirira mizu.

Paipi ya mamilimita 16 ikadali yolimba, makamaka yophimbiridwa. Timapaipi tating'ono tokhala padzuwa ndi timene tayamba kuuma ndi kuchoka m'malo mwake, ndipo ndikanati ndiyambirenso ndikanagula paipi yokhala ndi todonthezera m'kati mwake momwemo, ya mtundu umene umatulutsa madzi ofanana kuyambira koyambirira mpaka kumapeto kwa mzere.

Loweruka lililonse m'mawa ndimatsegula madzi n'kuyenda mzere ndi mzere, kukweza zophimbira, kuona ngati kadonthezera kalikonse kakudontha, ndi kupisa chala m'dothi pansi pa mitengo. Kamodzi pamwezi ndimamasula sefa n'kuitsuka ndi kaburashi, kenako ndimatsegula kumapeto kwa mapaipi kuti madzi atulutse matope mpaka ayere. Zonsezi zimanditengera mphindi 20. Loweruka lathali ndinapeza tiwiri totsekeka pansi pa kamtengo komwe kaja, ndipo ndinatisintha masamba asanasonyeze chilichonse.