Transceiver yanga itatha nyengo yonse ya chipale ku Cairngorms

Mnzanga wa ku Glasgow wandifunsa ngati agule transceiver yonga yangayi chipale choyamba chisanagwe mu Novembala. Ndinaigula ku Aviemore, tauni yoyandikana ndi mapiri a Cairngorms ku Scotland, chaka chatha pa mapaundi 290. Amene simukuidziwa, ndi kachipangizo kamene timavala pachifuwa tikamatsetsereka ndi ski kutali ndi malo okonzedwa. Kamatumiza uthenga pa 457 kHz kuti chipale chikagumuka n'kukukwirira, anzako adziwe pokumba. Zikadutsa mphindi 15 uli pansi, mwayi wotuluka wamoyo umatsika msanga.

Pofufuza munthu wokwiririka ndilibe nayo mlandu. Muvi wolozera kumene ali ndi manambala a mamita otsala zimaoneka bwino ngakhale m'chifunga, ndipo mabatire a alkaline anafika mu Epulo osasintha.

Chandiwawa ndi swichi yake. Kumayambiriro kwa Disembala tinalowera ku Coire an t-Sneachda, chigwa china cha m'mapiri a Cairngorms. Nthawi imeneyo a Scottish Avalanche Information Service amakhala asanayambe kulengeza tsiku ndi tsiku za kumene chipale chingagumuke, amayamba chapakati pa mweziwo, ndiye umadalira maso ako. Maso nawo amanamizika: pamwamba pa mapiri pamakhala miyala yokhayokha, munthu n'kumati chipale n'chochepa, chonsecho mphepo ya kum'mwera chakumadzulo yachikokolola n'kukachiunjika m'zigwa zoyang'ana kumpoto. Chimagwirana pamwamba ngati chikhokho cha mumphika, pansi pake pali pofewa, ndipo pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45 phazi la munthu mmodzi limatha kuchigumula.

M'mawa poimika galimoto tinayesana tonse, yanga inkatumiza bwinobwino. Masana nditavula jekete kuti ndimwe tiyi, ndinapeza yazima. Lamba wa chikwama anali atakankha swichi mpaka kakhoma kake kanamasuka. Ndinali nditadutsa m'munsi mwa zigwa zija opanda chondipezera. Fosholo ndi ndodo zofufuzira za anzanga zikanathandiza chiyani? Mwendo unandinjenjemera potsika.

Ogulitsa anandilandira mwaulemu, koma anati aitumize kwa opanga, ndipo ndalama yotumizira, mapaundi 18, ndinalipira ndine. Yobwereka analibe, moti kwa milungu ingapo ndimabwereka kwina ndi ndalama zanganso. Inabwera ndi kakalata koti sanapeze vuto, pamodzi ndi kathumba katsopano kovalira. Mtima unakhala pansi ndithu. Mu Januwale ndi Febuluwale inagwira ntchito bwino kwambiri, mpaka ndinayamba kuiyamikira kwa anthu. Mu Malichi inazimanso, ili m'kathumba katsopanoko.

Masiku ena ndimati ikugwira, bola ndiziisuzumira pafupipafupi. Koma chipangizo chimene ntchito yake ndi kuyankhula iwe utakomoka pansi pa chipale sichiyenera kumafuna mlonda. Achimwene a ku Glasgow, musanalipire, ivaleni m'sitolo momwemo, mubereke chikwama chodzaza, muwerame, mudzipotokole, muone ngati swichi isuntha. Mufunsenso ngati amabwereketsa ina yanu ikapita kokakonzedwa.

Ineyo ndalembera ogulitsa kuti andibwezere ndalama. Lamulo la ku UK loteteza ogula, la Consumer Rights Act la 2015, limalola wogula kubweza katundu ngati akonza kamodzi koma vuto osatha. Iwo akuti andipatse vocha ya mapaundi 100 yogulira m'sitolo mwawo. Ndakana, ndipo mapaundi 18 aja ndawaikanso m'kalatayo.