Mpando wakale ukamagwedera: guluu wachikopa, woyera kapena epoxy?

Mpando wakale wa mbawa kapena mlombwa umayamba kugwedera polumikizira miyendo. Za msomali iwalani, umang'amba thabwa louma. Choyamba dziwani guluu amene mmisiri wakale anaikamo. Donthezani madzi otentha pa zotsalira zake: zikafewa n'kumamata chala, ndi guluu wachikopa, wopangidwa kuchokera ku zikopa za nyama.

Ameneyu ndiye woyenera mipando yakale, ngakhale amavuta kupeza. Amabwera ngati timikanda touma. Mumaviika muyezo umodzi m'miyezo iwiri ya madzi ozizira usiku wonse, kenako n'kuika kachitini kamene mwaviikamo m'poto wa madzi otentha mpaka madigiri 60. Asawire, akawira mphamvu imatha. Amayamba kulimba pasanathe mphindi ziwiri, ndiye zomangira zikhale pafupi musanapake. Ubwino wake ndi woti watsopano amagwirana ndi wakale, ndipo wodzakonzanso mawa adzamasula ndi nthunzi popanda kuswa thabwa. Amangodana ndi chinyontho. Mpando wokhala pakhonde m'dzinja sachedwa kuulekerera.

Guluu woyera wa PVA ndi wotchipa, ali m'hadiweya iliyonse, komanso amakupatsani mphindi zingapo zolungamitsa miyendo. Koma amagwira thabwa lopalidwa bwino lokha. Mukangomuthira pamwamba pa guluu wakale, monga ambiri amachitira, mpando umagwederanso. Muyenera kupala m'bowo monse ndi tchizulo, ndipo mukapala kwambiri bowo limakula, pomwe iye mpata satseka. Mankhwala ake n'kumata kachipande kopyapyala ka thabwa pa nsonga yolowa m'bowoyo, chikauma n'kusema mpaka ilowe mothina. Wotuluka m'mbali pukutani ndi kansalu konyowa asanaume, apo ayi vanishi adzaonetsa banga.

Epoxy, wosakaniza machubu awiri uja, amatseka mpata ndipo madzi samuopsa. Vuto lake amavuta kumasula. Tsiku limene mpando udzagwe, chodzathyoka ndi mwendo weniweniwo osati polumikizira. Musungireni pamene thabwa lafumbwa kapena nsonga yaphwanyika moti palibenso chogwira.

Pa mpando wa agogo umene mukufuna ukhalitse, sankhani wachikopa. Wa tsiku ndi tsiku, PVA akwanira. Kilampu, chida chopanira matabwa, ikasowa, mangani ndi mphira wa chubu cha njinga, muimike mpandowo pansi posalala kuti miyendo inayi yonse iponde, ndipo munthu asakhalepo mpaka patapita maola 24.