Jorhat kapena Dibrugarh: mukafika ku Assam mugone kuti?

Amene tinazolowera tiyi wa m'zitunda za Thyolo ndi Mulanje, Assam, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa India, imatidabwitsa. Kumeneko tiyi amamera pachidikha, pansi pa mitengo ya mthunzi, m'chigwa cha mtsinje wa Brahmaputra, ndipo chigawochi chokha chimakolola pafupifupi theka la tiyi yense wa ku India. Ngati masiku anu ndi atatu okha, muyenera kusankha tauni imodzi.

Dibrugarh ndi tauni ya ntchito. Pomwe pathera nyumba ndi pomwe payambira minda ya tiyi, ndipo chakum'mawa kwake kuli mafuta: fakitale yoyenga mafuta ya ku Digboi idayamba mu 1901 ndipo mpaka lero ikugwira. Mlatho wa Bogibeel, wa pa mtsinje wa Brahmaputra, wautali makilomita pafupifupi 5, adautsegula mu 2018, sitima pansi, magalimoto pamwamba. Wopita kukagwira bizinesi, kapena wopitirira ku chigawo choyandikana cha Arunachal Pradesh, agone kuno. Zakale zokha musayembekezere zambiri, chifukwa chivomezi cha 1950 chitachitika mtsinje udadya mbali yaikulu ya tauni yakale.

Ine mtima wanga uli ku Jorhat. Kuli Tocklai, malo ofufuzira za tiyi omwe adakhazikitsidwa mu 1911, koma chachikulu ndi madzi. Pa doko la Nimati Ghat mumakwera boti limodzi ndi njinga zamoto ndi matumba a katundu, ulendo wa ngati ola limodzi, kukatsikira pachilumba cha Majuli, mu mtsinje wa Brahmaputra. Kumeneko kuli ma satra, nyumba za chipembedzo zotsata chiphunzitso cha Srimanta Sankardev, mphunzitsi wakale wa Chihindu wa ku Assam. Ku Samaguri Satra amaumba zigoba ndi nsungwi, dothi, ndowe ndi nsalu. Musafulumire kuganiza za gule wamkulu. Izi amapangira poyera, mlendo akuonerera, ndipo amavala pa sewero lotchedwa bhaona. Chilumbacho madzi akuchinyenya chaka ndi chaka.

Pa zanyama Dibrugarh ili ndi nkhalango yotetezedwa ya Dibru-Saikhowa, kwa mbalame ndi mahatchi olowerera kutchire. Jorhat ili ndi anyani opanda mchira a ku Hollongapar, amene amalira m'mamawa, ndiponso nkhalango yotetezedwa ya Kaziranga, kwa chipembere cha nyanga imodzi, ili maola awiri okha pagalimoto.

Vuto ndi nyengo. Tiyi wokoma kwambiri amathyola mu May ndi June, mvula itayamba, pomwe ku Kaziranga amatseka zipata. Wofuna chipembere apite pakati pa November ndi April, tiyiyo akangogula wa m'paketi.