Shopu yotchipa ya kumunsi kwa tauni ya Harare: katundu ndi wabwino, koma chenji anandibera kanayi

Kumapeto kwa kope limene ndimalembamo miyezo ya makasitomala anga kuli tsamba limodzi losakhudza zosoka. Pamenepo ndinalemba masiku anayi a chaka cha 2024 ndi ndalama imene inasowa tsiku lililonse: dola imodzi ndi theka, dola imodzi, madola 5, madola 2. Zonse pamodzi ndi madola 9 ndi masenti 50, ndipo zonsezo zinatsalira pa kauntala imodzi. Wina anganene kuti ndi zochepa. Kwa ine telala, ndalama imeneyi ndi masiketi atatu a yunifolomu, kuyambira kudula nsalu mpaka kusita.

Ndine wa ku Thyolo. Ndinabwera kuno mu Januwale 2023, ulendo wa basi wodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, kudzakhala ndi azakhali anga ku Mabvuku. Iwo ndi matchona enieni. Malemu amuna awo anabwera nthawi ya Chitaganya kudzagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu, ndipo mpaka lero azakhali akamatchula mzinda uno amati "Halale". Msuweni wanga, mwana wawo womaliza, anabadwira konkuno. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chishona. Iyeyu ndi amene anandilondolera ku shopu imene ndikuikambayi.

Dzina la shopuyi sinditchula. Ili kumunsi kwa tauni, kumene kuno amati downtown, mbali ya ku Market Square, pakati pa timashopu tambirimbiri timene amatitcha matuckshop. Ndi kachipinda kopapatiza, katundu wounjikidwa mpaka kudenga, ogula mumaima panja pa kauntala n'kumaloza chimene mukufuna. Ndiyambe ndi zabwino zake, chifukwa zilipo ndipo sindingazibise. Mafuta ophikira a malita awiri ndinkagula madola 3 ndi theka, pamene m'masupamaketi akuluakulu ankapitirira pamenepo ndithu. Shuga, mpunga, sopo wamtanda, ufa wa makilogalamu 10, zonse zinali zotsika, pafupifupi mtengo wopikulira. Sindinagulepo chinthu chotha masiku kapena thumba la ufa la anankafumbwe. Amatsegula m'mamawa, mzere umayenda msanga, ndipo pali mnyamata amene amakunyamulirani katundu mpaka pokwerera kombi, minibasi za kuno.

Kutchipako kuli ndi chifukwa chake. Masupamaketi ankakakamizidwa kulandira ndalama ya dziko lino pa mtengo wosinthira wa boma, umene unkasiyana kwambiri ndi wa mumsewu, ndiye pofuna kuti asaluze ankakweza mitengo yawo ya m'madola. Matuckshop analibe nazo zimenezo. Amangofuna dola ya America pamanja, khadi ayi, ndalama ya pafoni ayi. N'chifukwa chake anthu ambiri, ngakhale ovala masuti, mumawapeza ataima pamzere kumeneko kumapeto kwa mwezi.

Amene muli kumudzi mwina simungamvetse kuti chenji chingavute bwanji, poti kwathu wogulitsa akasowa amangothamangira kwa mnzake wa pafupi. Kuno nkhani yake ndi yaitali. Dziko la Zimbabwe linayamba kugwiritsa ntchito dola ya America mu 2009, ndalama yawo itatheratu mphamvu. Zapepala zinabwera, koma zachitsulo za ku America sizinafike zokwanira, mwakuti chinthu cha masenti 50 chinalibe chobwezera. Anthu ankagwiritsa ntchito zachitsulo za ku South Africa, ena ankalandira masiwiti, machesi kapena kapepala kolembapo ngongole. Mu Disembala 2014 banki yaikulu inatulutsa zachitsulo zotchedwa bond coins pofuna kuthetsa vutoli, koma nazonso zinadzatha mphamvu. Mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG, imene analengeza gavanala wa bankiyo John Mushayavanhu, koma zapepala zake zinali zosowa m'manja mwa anthu. M'kombi, kondakitala akasowa chenji amatenga dola imodzi n'kupatsa anthu awiri osadziwana kuti mukagawane nokha mukatsika, ndipo anthu amati wakukwatitsani. Vutoli ndi la aliyense, mbadwa ndi alendo omwe. Ndanena zonsezi kuti wina asaganize kuti sindikudziwa kusiyanitsa kusowa kwa chenji ndi kuba. Zimene ndinakumana nazo ine kunali kuba kobisala kumbuyo kwa vuto lenileni.

Tsiku loyamba linali Loweruka lina mu Juni. Ndinagula mafuta madola 3 ndi theka, shuga madola 2 ndi theka, mpunga madola 2, sopo awiri madola 2, mchere masenti 50, ufa madola 6. Zonse madola 16 ndi theka. Ndinapereka 20. Mtsikana wa pa kauntala anaika pamanja panga madola awiri, pamwamba pake masiwiti anayi, maso ali kale pa munthu wa kumbuyo kwanga. Ndinaima pang'ono, dzanja lili chitambasulire. Iye anati, "Handina chenji," kutanthauza kuti alibe chenji, kenako anawonjezera mokweza, "Next, achimwene vapedza." Ankatanthauza kuti abwere wina, achimwene amaliza. Anthu awiri atatu anaseka. Masenti 50 ndikanamvetsa kuti alowa m'masiwiti. Koma dola yathunthu inapita kuti, pamene ndinkaona ndi maso anga mpukutu wa madola amodziamodzi m'thumba la epuloni yake?

Mawu akuti achimwene aja ndi amene anandimanga pakamwa. Kuno akatero sakukulemekezani ngati mmene timachitira kwathu. Ndi dzina limene amatchulira Mmalawi aliyense, mwamuna kapena mkazi, ndipo kawirikawiri limatuluka ndi kaseko. Anandizindikira ndi lilime. Pofunsa mtengo m'Chishona amati "marii", koma ife lilime lathu limathawira ku "malii", ndipo chilembo chimodzi chomwecho chimakwanira kuti wogulitsa adziwe kuti uyu si wakuno. Mapepala anga ali bwinobwino, komabe mlendo amakhala ndi mantha ake osaoneka. Umaganiza kuti ndikakweza mawu pano anthu andiunjirira, wina afunsa pasipoti, nkhani ya dola imodzi isanduka ina. Ndinanyamula katundu n'kumapita, mtima ukuwawa njira yonse mpaka ku Mabvuku.

Mu Julayi ndinabwererako, poti ndinkati mwina anangolakwitsa. Katundu anakwana madola 14, ndinapereka 20, anandibwezera 5 ndi kachidutswa ka katoni kolembapo "$1" ndi bolopeni, akuti ndidzatenge ulendo wina. Nditabwera nako mwezi wotsatira anakatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti si zolemba zake.

Tsiku lomwelo la mu Ogasiti ndi limene linandipweteka kwambiri. Pa chenji changa anaikapo pepala la madola 5 lopindidwa panayi. Ndinaona nambala 5 pakona, ndinaliika m'kachikwama. Nditafika pokwerera kombi ndinati ndigule matemba kwa mayi wina, ndiye polifunyulula ndinapeza kuti linang'ambika pakati mpaka kudutsa pankhope ya munthu wojambulidwapo, analilumikiza ndi selotepi yachikasu chifukwa cha kukalamba, ndipo kona imodzi panalibe. Mayi wa matemba anangopukusa mutu. Madola amene amayenda kuno ambiri ndi akuda ndi ofewa ngati kansanza, anthu amalandirabe, koma long'ambika chotero palibe amene amalifuna. Ndinabwerera nthawi yomweyo, mphindi khumi zisanathe. Mtsikana uja analiyang'ana osaligwira n'komwe, n'kuloza chikwangwani cha pakhoma chonena kuti salandira ndalama zong'ambika. Ndinati, "Koma mwandipatsa ndinu pompano." Anayankha m'Chishona chothamanga chimene anadziwa kuti sindichitsata, ndipo ndinangotolapo mawu amodzi, Malawi.

Mungafunse kuti nanga ndinapitiranjinso kachinayi. Ndalama ya telala ndi yowerengeka, ndipo kumapeto kwa Seputembala 2024 ZiG anaigwetsa mphamvu kuchoka pa 14 kufika cha m'ma 24 pa dola imodzi, mitengo m'mashopu ambiri inasokonekera. Ndinapita kumayambiriro kwa Okutobala nditakonzeka, ndalama zing'onozing'ono zili m'manja kuti pasakhale za chenji. Ulendo uno anandidyera masuku pamutu mwa njira ina. Anawonkhetsa pa kakyuleta atayitembenuzira kwa iye, n'kunena kuti 19. Lisiti kumeneko kulibe. Ndinalipira. Tili m'njira, mnyamata wonyamula katundu uja, thumba la ufa lili paphewa, anayang'ana kumbuyo kaye n'kunena motsitsa mawu m'Chichewa chopotoka, "Mayi, zinthu izi ndi 17. Muziwerenga mwekha." Ndinaima chilili. Anandiuza kuti agogo ake aamuna anachokera ku Dedza, anagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo iye anakulira ku Epworth. Pa shopupo palibe amene amadziwa zimenezi, ndipo anandipempha kuti ndisamutchule.

Usiku umenewo ndinafotokozera azakhali zonse, kope lili pamiyendo. Anandikalipira kaye. "Mwana wa achimwene anga, miyezi inayi yonseyi uli duu? Manyazi anapha lambe. Ife tinafika kuno anthu akutitcha mabhurandaya, koma ndalama yanga palibe anaidyapo ine ndikuona." Mabhurandaya ndi dzina lonyoza limene ankatchulira Amalawi, lochokera ku dzina la Blantyre. Kenako azakhali anatuma msuweni wanga kuti Loweruka akagule zinthu zomwezo, mndandanda womwewo, iye yekha. Anabwera atalipira madola 17, chenji chake cha madola 3 chili chokwanira, mapepala abwinobwino. Umboni umene ndinkaufuna unali umenewo, ngakhale kuti unandiliza. Bola akanakhala kuti amabera aliyense.

Lolemba tinapita ndi azakhali. Ali ndi zaka zoposa 75 ndipo amayenda ndi ndodo, koma anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi cha CCAP n'kukwera kombi. Atafika sanalankhule ndi mtsikana uja. Anafunsa mwini shopu, n'kukhala pa kreti ya zakumwa mpaka anatuluka. Mwiniwakeyo nayenso ndi mlendo wochokera dziko lina la muno mu Africa, Chishona chake n'chopotoka kuposa changa. Azakhali anayala pa kauntala pepala long'ambika lija, kachidutswa ka katoni ndi kope langa, n'kufotokoza tsiku ndi tsiku m'Chishona chosalala, mosakweza mawu. Pomaliza anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa, dala kuti onse amve, "Mwanawe, auze wekha kuti unagula chiyani." Ndinatchula chimodzichimodzi ndi mitengo yake, mawu akunjenjemera, koma ndinafika kumapeto. Pamzere panali zii. Mayi wina Mshona amene anali kumbuyo kwathu anati nayenso mlamu wake wa ku Mozambique anadandaulapo za kauntala yomweyo.

Mwini shopu anandisinthira madola 5 aja ndipo analipira dola ya pakatoni, atayerekeza zolembazo ndi za m'buku la pa kauntala. Madola 3 ndi theka otsalawo anakana, akuti palibe umboni. Sanapepese. Mtsikanayo anamulankhula pang'ono kuseri, ndipo nditadutsako mwezi wotsatira ndinamuona ali pomwepo. Sindinkafuna kuti achotsedwe ntchito, ndikudziwa kuti atsikana a m'mashopu amenewa amaima tsiku lonse pa malipiro ochepa. Chimene ndinkayembekezera n'chakuti munthu amene iyenso ndi mlendo m'dziko lino amve kuwawa kwake, aike kakyuleta poyera, ayambe kupereka malisiti. Palibe chinasintha.

Choncho kwa Amalawi anzanga amene mwangofika kumene, ndinene mosabisa kuti shopu imeneyi sindingakutumizeniko nokha, ngakhale katundu wake ndi wabwino komanso wotchipa. Ngati thumba lakukakamizani kugula kumunsi kwa tauni, wonkhetsani pa foni yanu musanafike pa kauntala, tchulani nokha chiwerengerocho mokweza, ndipo pepala lililonse limene akupatsani mulifunyulule pomwepo iwo akuona. Mukanyamula madola amodziamodzi mumadula nkhani zambiri. Akati alibe masenti 50, sankhani nokha chinthu chimene mukuchifuna, kaya mchere kaya machesi, m'malo molandira masiwiti.

Ine tsopano ndimagula kwathu konkuno ku Mabvuku, pa mashopu a pa Kamunhu, kwa mayi wina Mshona amene ali ndi golosale yaing'ono. Mafuta ake ndi okwera ndi masenti 50 kuposa a m'tauni, ndipo mpunga nthawi zina umamuthera, koma ndikachotsera ndalama ya kombi yopita ndi yobwera zimangofanana. Naye chenji chimamusowa ngati wina aliyense. Ali ndi kope lachikuto chofiira limene amalembamo dzina la munthu ndi masenti amene watsala nawo, ndipo amakutembenuzirani kuti muone zimene walemba. Dzina langa anandifunsa kalembedwe kake tsiku loyamba, ndipo amanditchula nalo. Loweruka lapitali ndinagula shuga ndi sopo, ndikutulutsa ndalama iye anatsegula kope lija n'kundikumbutsa kuti ndili ndi masenti 50 a mwezi watha, amene ine ndinali nditaiwala.