Mbawa kapena senderela? Kufiira kwa thabwa kusakunamizeni

Mvula ikamayandikira anthu akugula mbande, kapena wina akafuna kukhometsa chitseko, funso limakhala lomwelo: mbawa yeniyeni tingaidziwe bwanji? Wosokoneza wamkulu ndi senderela. Mitengo iwiriyi ndi yapachibale, ya banja la Meliaceae. Masamba anthete a yonse iwiri amatuluka ofiira, matabwanso ndi ofiira, n'chifukwa chake ogulitsa ena amapezerapo mpata.

Mbawa ndi yakonkuno. Mabuku ena amaitcha Khaya anthotheca, ena Khaya nyasica. Imamera m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango za mvula yambiri, ndipo mtengo wa mbawa waukulu wodziwika wa m'nkhalango ya Chirinda ku Zimbabwe ndi wotalika kuposa mamita 60. Senderela, Toona ciliata, ndi mlendo. Kwawo ndi ku India, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia mpaka ku Australia.

Mtengo ukadali chiimire, werengani timasamba. Tsamba limodzi la mbawa limakhala ndi timasamba tokhala tiwiritiwiri, kawirikawiri mapeya atatu kapena anayi, tokhuthala, tonyezimira, tokhala ndi kansonga kakafupi. La senderela ndi lalitali, mapeya ake amapitirira asanu ndipo nthawi zambiri amafika khumi, timasamba topyapyala, tosongoka ngati mkondo, ndipo kutsinde mbali imodzi imakula kuposa inzake. Senderela amayoyola masamba m'chilimwe, mbawa ya kumtsinje imakhala yobiriwira.

Mukakayikabe, yang'anani pansi. Chipatso cha mbawa ndi chozungulira, cholimba ngati thabwa, chachikulu ngati ndimu, chimang'ambika panayi kapena pasanu. Njere zake ndi zaphwatalala, phiko lazungulira njere yonse. Cha senderela ndi kakang'ono, masentimita awiri okha, kopyapyala, kamatseguka ngati nyenyezi, ndipo njere zake ndi zopepuka, phiko uku ndi uku. Khungwa la mbawa yokhwima limasendeka timagawo tozungulira n'kusiya zipsera, mkati mwake ndi mofiira, mowawa kwambiri.

Komwe anthu amalira ndi kumatabwa. Thabwa la senderela likapakidwa utoto wofiira ndi vanishi limatha kudutsa ngati mbawa, inu n'kulipira mtengo wa mbawa. Poyamba chitseko chimaoneka bwinobwino. Vuto limadzatulukira pa mahinjesi: thabwalo ndi lofewa, timabowo ta masikuluu timakula pang'onopang'ono, chitseko n'kuyamba kukhula pansi. Tebulo lake limadindika ndi chilichonse, ngakhale mwana polemba ndi bolopeni amasiya mizere.

Choncho musagule thabwa lopakidwa kale. Auzeni akalipentala apale pang'ono ndi puleni inu mukuona, kenako nunkhizani. Senderela amatulutsa fungo lokoma loti simungaliphonye, pomwe mbawa ilibe fungo lenileni. Kanikizani chikhadabo pamalo apalidwawo: pa senderela chimalowa mosavuta. Nyamulani matabwa awiri ofanana kukula ndiponso ouma mofanana, wopepukayo ndi senderela. Mawu akuti ouma mofanana ndi ofunika, poti senderela wamuwisi amalemera n'kukupusitsani. Yang'ananinso kumapeto kumene kunadutsa sowo. Pa senderela mizere ya zaka imaoneka bwino, pa mbawa ndi yosaoneka kwenikweni. Chizindikiro china amachidziwa ndi amisiri: mitsempha ya mbawa imalukanalukana, moti puleni yobuntha imakadzula thabwa m'malo molisalaza. Mmisiri akamadandaula kuti thabwa likumuvutitsa kupala, nthawi zambiri mwagula zenizeni.

Pa chiswe palibe wopambana, onse awiri asakhudze dothi.

Kodzala nkhani imatembenuka pang'ono, ndipo tisamunamizire senderela. Amakula msanga, mukamudula amaphukanso pachitsa, ndipo pa nkhuni, siling'i, mabokosi ndi madilowa ali bwino ndithu. Koma mizu yake imayenda pamwamba n'kukang'amba maziko, ndiye pafupi ndi nyumba kapena chimbudzi ayi. Njere zake zimauluka ndi mphepo n'kumera paliponse pachinyontho, mpaka kulanda malo a mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mitsinje. Ineyo pachifukwa chimenechi chokha sindingamuyike kumtsinje.

Mbawa imafuna kudekha komanso dothi lakuya losunga chinyontho. Mdani wake ndi mbozi ya Hypsipyla robusta, yomwe imaboola nsonga yanthete. Nsonga ikafa mtengo umachita mphanda, thunthu lowongoka lija osapezekanso. Mbozizi zimakonda mbawa zodzalidwa zokhazokha poyera, n'chifukwa chake ndi bwino kuzisakaniza ndi mitengo ina yopereka kamthunzi, ndipo ikachita mphanda, dulani nthambi zinazo msanga musiye imodzi yamphamvu. Kumbukiraninso kuti mbawa ndi mtengo wotetezedwa, kudula yachilengedwe kumafuna chilolezo cha a zankhalango.

Pa chitseko chakunja, tebulo ndi bedi, tengani mbawa, ngakhale ikudula. Senderela mugule pa mtengo wa senderela. Ofuna kufesa okha mbawa atole zipatso zikangoyamba kung'ambika n'kufesa pasanathe milungu ingapo, chifukwa njere zake zikakhalitsa sizimera, ndipo zambiri zotola pansi zimakhala zitabooledwa kale ndi tizilombo.