Ndende yomanga boma kapena yomanga kampani: yankho langa kwa ofunsa

Anzanga a m'gulu lathu loyendera akaidi kuno ku Lilongwe akhala akundifunsa funso limodzimodzi: bwanji boma osangoitana makampani adzamange ndende zatsopano, monga amachitira kunja? Ndayankha pa WhatsApp mpaka zala kuwawa, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense awerenge yekha.

Zoti ndende zathu ndi zodzaza palibe amene sakudziwa. Khoti linagamula kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kumeneku ndi kuphwanya malamulo a dziko, ndipo linapereka miyezi 18 kuti boma lichepetse vutoli ndi theka. Mpaka lero tikudalirabe Zomba Central yomangidwa mu 1935, pamodzi ndi Maula ndi Chichiri. Ku ndende ina yomwe timapitako, bambo wina anatiwonetsa mapazi otupa ngati odwala. Sanali kudwala ayi. Usiku amakhala chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mpaka kucha. Amene waona zimenezi sangakane kuti nyumba zatsopano zikufunika. Nkhani ili pa womanga ndi kalipiridwe kake.

Boma likamanga lokha ndi ndalama za bajeti, vuto ndi kuchedwa. Za ndende yatsopano ku Chitedze takhala tikuzimva kwa zaka zambiri. Pa liwiro kampani yapambana, ndipo sinditsutsa. Ukhondo nawo kampani yapambana: madzi amatuluka, zimbudzi zimagwira ntchito, chifukwa zikapanda kutero amawadula malipiro.

Koma mvetsani kalipiridwe kake, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Pa mgwirizano wa boma ndi kampani wotchedwa PPP, womwe kampani imamanga n'kumayendetsanso ndendeyo, boma silitulutsa ndalama zambiri poyamba. Kampani imakakongola ku banki, imamanga, kenako boma limailipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zambirimbiri. M'malipiro amenewo muli ngongole ija, chiwongoladzanja chake, ndalama zoyendetsera, ndi phindu la eni kampani. Anansi athu a ku South Africa anayesa: ndende ya Mangaung ku Bloemfontein inatsegulidwa mu 2001, Kutama Sinthumule ku Limpopo mu 2002, iliyonse ya anthu pafupifupi 3,000, ndipo makontirakiti ake anali a zaka 25. Pofika 2011 boma lawo linasiya mapulani omanga ndende zina zinayi mwa njira yomweyi. Anthu a chuma chachikulu kuposa chathu anabwerera m'mbuyo.

Chobisika choyamba ndi chakuti malipiro amawerengedwa pa malo ogona omwe kampani yakonza, kaya mwagona munthu kaya ayi. Ku America makontirakiti ena amachita kulemba kuti boma lilonjeze kudzaza ndende kufika 90 peresenti kapena kuposa, apo ayi lilipire mabedi opanda anthu. Taganizirani zimenezi kuno kwathu, komwe m'ndende muli anthu ambiri a pa limandi, ena chifukwa chosowa ndalama ya belo, ena mafayilo awo sakuoneka. Ife timapempha usana ndi usiku kuti anthu otere atuluke, a milandu ing'onoing'ono azipatsidwa chilango chogwira ntchito m'dera lawo. Boma lomwe lasainira kulipira bedi lililonse kwa zaka 25 lidzakhala ndi changu chanji chotulutsa anthu?

Chachiwiri: kontirakiti imaletsa kuika anthu opitirira chiwerengero. Kumva koyamba zimakoma. Koma apolisi akagwira anthu ambiri, otsalawo amapita kuti? Amakathiridwa ku ndende zakale zija, zomwe tsopano ndalama zake zachepa chifukwa kampani imayamba kulandira ndiyo. Mkaidi wa ku Nkhata Bay kapena ku Nsanje, yemwe amadya nsima ya mgaiwa ndi nyemba kamodzi patsiku, ndiye adzalipire matailosi a ku Lilongwe. Ku Lesotho zinachitika ndi chipatala: Queen Mamohato Memorial chinatsegulidwa mu 2011 pa PPP, ndipo mu 2014 bungwe la Oxfam linati chikudya pafupifupi theka la bajeti yonse ya zaumoyo. Mgwirizanowo unathetsedwa mu 2021.

Ndiye pali kwacha yathuyi. Inagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kampani yomwe yakongola madola sidzalola kulipidwa ngati kuti palibe chachitika. Idzalemba kuti malipiro azikwera limodzi ndi dola. Imeneyi ndi katapila, kusiyana kwake n'kwakuti obweza ndi ana athu omwe pano ali ku pulayimale.

Ena amati kampani imasunga bwino chitetezo. Mu 2013 boma la South Africa linalanda kaye Mangaung m'manja mwa G4S, kampani yomwe imaiyendetsa, zinthu zitasokonekera. Mu 2022 mkaidi wina dzina lake Thabo Bester anathawa m'ndende yomweyo, akuluakulu n'kulengeza kuti wafera m'moto m'selo mwake, mpaka atolankhani anaulula zoona chaka chotsatira. Ku England nako boma linalanda ndende ya Birmingham m'manja mwa G4S yomweyo mu 2018. Zinthu zikavuta, wobwera kudzakonza ndi boma lomwe lija.

Ndinene mosabisa kuti ine ndili ndi mbali. Asilikali a ndende omwe timakumana nawo amagwira ntchito yowawa pa malipiro ochepa, ndipo ndaonapo wina akugulira mkaidi wodwala mankhwala ndi ndalama ya m'thumba mwake. Sindifuna kuti kiyi wa selo agwiridwe ndi munthu amene bwana wake amawerenga phindu pa mutu wa mkaidi. Kutsekera munthu ndi mphamvu ya boma, ndipo boma tikhoza kulifunsa ku Nyumba ya Malamulo kapena ku khoti, monga anachitira a Masangano.

Pali njira yapakati yomwe ndingaivomere. Ku France, kuyambira 1987, makampani amamanga ndi kusamalira nyumba, kuphika ndi kuchapa, koma kulondera ndi kulamulira ndende kumakhala kwa boma. Kwathu kuno lamulo la PPP lilipo kuyambira 2011 ndipo bungwe la PPP Commission lilipo, choncho zotere n'zotheka. Kampani imange maselo ndi khitchini, iike sola ndi mijigo, ithandize ulimi wamthirira m'minda ya ndende ngati ya ku Kasungu ndi Mikuyu. Ine ndingasaine pokhapokha kontirakitiyo ili ya zaka zochepa, yolipidwa m'makwacha, yopanda lonjezo lodzaza mabedi, ndipo yasindikizidwa poyera kuti aphungu ndi ife tomwe tiiwerenge isanasainidwe. Chimodzi mwa zinayizi chikasowa, bola ndalamazo zipite kwa oweruza ndi maloya a Legal Aid kuti azikamva milandu ya a pa limandi m'ndende momwemo.