Maphunziro a Chitekishi a Loweruka ku Midrand: gawo la nyengo ndi chilengedwe

Ndimagwira ntchito yosamalira minda ya maluwa kumpoto kwa Johannesburg, ndipo mabanja awiri mwa amene ndimawagwirira ntchito ndi ochokera ku Turkey. Agogo a m'banja lina sadziwa Chingerezi, koma ndi iwo amene amatuluka m'mawa uliwonse kudzaona ngati mbewu zathiriridwa, choncho kwa nthawi yaitali tinkangolankhulana ndi manja. N'chifukwa chake ndinalembetsa maphunziro a Chitekishi amene mayi wina wa ku Turkey amaphunzitsa Loweruka lililonse ku Midrand, kufupi ndi mzikiti wa Nizamiye, umene unatsegulidwa mu 2012 ndipo unamangidwa motengera mzikiti wa Selimiye wa mumzinda wa Edirne. Tangomaliza kumene gawo la mawu okhudza nyengo ndi chilengedwe, ndipo ndi gawo limeneli limene ndikufuna kufotokozera anzanga amene angafune kulembetsa.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri aphunzitsi athu n'chakuti satipatsa mndandanda wa mawu kuti tikaloweze kunyumba. Phunziro lililonse limayambira pawindo, pomwe iwo amafunsa kuti "Bugün hava nasıl?", kutanthauza kuti kunja kwacha bwanji lero, ndipo aliyense amayenera kuyankha zimene maso ake akuona. Tsiku lina masana kunachita mdima wa mitambo monga zimachitikira kuno nthawi ya mvula, kenaka matalala anayamba kumenya malata mwamphamvu moti sitinkamvana. Iwo anasiya buku, natitengera pakhonde, n'kuloza matalalawo akudumphadumpha pa kapinga akunena kuti "dolu yağıyor". Pamenepo ndinazindikira kuti Chitekishi chimagwiritsa ntchito mneni mmodzi pa mvula, matalala ndi chipale chofewa, ndendende mmene ife timanenera kuti mvula ikugwa, matalala akugwa: "yağmur yağıyor", "dolu yağıyor", "kar yağıyor". Tsiku lomwelo anatiphunzitsanso kusiyana kwa "şimşek" ndi "yıldırım". Anzanga olankhula Chingerezi anavutika nako, pomwe ine ndinamva msanga, pakuti loyambalo ndi ching'aning'ani chimene chimangowala kumwamba, ndipo lachiwirilo ndi mphezi imene imagwa pansi n'kung'amba mtengo.

Kwa munthu wolankhula Chichewa, kamangidwe ka mawu sikoopsa ayi, chifukwa nafenso timalumikiza timagawo pa tsinde la liwu, kungoti Chitekishi chimaika timagawo take kumapeto. Pa "yağmur" ukawonjezera "-lu" umapeza "yağmurlu", kunena tsiku la mvula, ndipo ukawonjezera "-suz" umapeza "yağmursuz", kopanda mvula. Dzuwa ndi "güneş", koma kukhala kwadzuwa ndi "güneşli", chifukwa kagawo ka "-lu" kaja kamasintha kutengera lembo la liwu lomaliza la m'tsinde. Zilembo za Chitekishi zilipo 29 ndipo ndi za Chilatini kuyambira mu 1928, kotero kuwerenga sikunanditengere nthawi, kupatula "ğ" imene siitchulidwa ngati g wathu, koma imangokoka liwu loitsogolera, monga mu "dağ", phiri, ndi "ağaç", mtengo.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinandikhutiritse. Buku limene timagwiritsa ntchito linalembedwera anthu okhala ku Turkey, choncho limati Januwale ndi "kış", nyengo yozizira, pomwe kuno ndi kwathu ku Malawi mwezi umenewo ndi wotentha komanso wamvula. Tinataya nthawi yambiri pa mawu a chipale chofewa, chimene ine ndinachionapo kamodzi kokha, mu Julayi 2023 pamene chinagwa mu Johannesburg muno. Chachiwiri, ndipo ichi chinandikhudza kwambiri, n'chakuti mawu a mavuto a chilengedwe tinangowadutsa mothamanga pa phunziro lomaliza. Ndinachita kufunsa ndekha kuti ndidziwe "kuraklık", chilala, "sel", madzi osefukira, ndi "heyelan", kugumuka kwa nthaka, chifukwa ndinkafunitsitsa kuwafotokozera agogo aja zimene namondwe wa Freddy anachita ku Blantyre ndi ku Mulanje mu Malichi 2023, kumene abale anga anataya nyumba. Aphunzitsi anandiyankha mokoma mtima, koma mawu otere anayenera kupatsidwa tsiku lawolawo.

Amene sadziwa bwino Chingerezi adziwiretu kuti kufotokozera konse kumachitika m'Chingerezi, ndiponso amene amakhala kutali awerengere ndalama ya sitima ya Gautrain kapena takisi yopitira ku Midrand. Ine ndalembetsanso gawo lotsatira, chifukwa sabata yatha agogo aja atagwira dothi la m'munda n'kunena kuti "toprak kuru", ndinamva kuti akuti nthaka yauma, ndipo ndinawalozera mitambo n'kuwayankha kuti "yağmur geliyor", mvula ikubwera.